Hayley Wickenheiser: Golide Kanayi, Koma Ligi Yomulipira Kunalibe

 Mwezi uno gawo lathu la mbiri likupita kutali, ku Canada, dziko limene masewero awo a pamtima amachitikira pa madzi oundana. Mwini nkhani ndi Hayley Wickenheiser, mayi amene anasewerera timu ya dziko lake ya hockey ya pa ayisi kwa zaka 23, n'kupambana mendulo zagolide zinayi pa Olympics. Odziwa masewerowa amamuika pagulu la akatswiri oposa onse amene anagwirapo ndodo ya hockey. Koma pa zaka zonsezo, ku Canada kunalibe ligi ya amayi yolipira ndalama zoti munthu n'kudalira. Ligi yotero inayamba mu 2024, iye atapuma kale zaka 7. Ndiye tione kuti katswiri wotereyu anakhala bwanji, anakasewera kuti, ndipo zinatheka bwanji kuti amene akubwera pambuyo pake azilandira malipiro.

Masewerowa amayenda bwanji?

Tiyambe ndi masewerowo, poti ambirife ayisi timamudziwira mu fuliji basi. Bwalo lake ndi madzi oundana osalala ngati galasi, kutalika kwake pafupifupi mamita 60, mulifupi mamita 26 mpaka 30, ndipo lazunguliridwa ndi kakhoma kamene osewera amagundanirapo. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chopyapyala kunsi, chonga mpeni, ndipo amatsetsereka nacho paliwiro loposa la munthu wothamanga. Mpira palibe. Amamenya ndi ndodo kanthu kakuda, kaphwatalala, ka labala wolimba, kotchedwa puck. Kukula kwake n'kofanana ndi kachitini ka polishi wa nsapato, kulemera kwake pafupifupi magalamu 170, ndipo kakakumenya pamene palibe chotchinga umakadziwa.

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 6 pa ayisi, kuwerengera ndi goloboyi yemwe. Masewero amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Chifukwa liwiro lake ndi lotopetsa, osewera amasinthana pafupipafupi masewero ali mkati: munthu amalimbana kwa mphindi imodzi kapena kuchepera, n'kukapuma, wina n'kulowa. Ukalakwa, woyimbira amakutumiza pa benchi ya chilango, kawirikawiri kwa mphindi ziwiri, ndipo timu yako imatsala yoperewera. Powerenga ntchito ya wosewera amagwiritsa mapointi: ukagoletsa ndi pointi imodzi, ukapatsira mnzako n'kugoletsa ndi pointinso imodzi. Zimenezi musaiwale, tizifuna kutsogoloku.

Amayi sanayambe dzulo

Ena amaganiza kuti amayi angolowerera masewerowa posachedwapa. Ayi ndithu. Pali chithunzi cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 choonetsa Isobel Stanley akusewera hockey ku Ottawa. Iyeyu anali mwana wa Lord Stanley, bwanamkubwa amene anapereka chikho cha Stanley Cup chomwe matimu a amuna amalimbirana mpaka lero. M'zaka za m'ma 1930 kunali timu ya amayi ya Preston Rivulettes ku Ontario, imene inasewera masewero mazanamazana n'kugonja kowerengeka chabe. Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, matimu a amayi anabalalika, ndipo nkhondo itatha mabwalo, ndalama ndi chidwi zinapita kwa amuna ndi anyamata.

Atsikana amene ankafunitsitsa kusewera ankachita kuzemba. Mu 1956 kunamveka nkhani ya Abby Hoffman wa ku Toronto, wa zaka 9, amene anali ndi tsitsi lalifupi n'kulembetsa mu ligi ya anyamata ndi dzina loti Ab. Anasewera bwino mpaka kusankhidwa mu timu ya akatswiri a ligiyo, ndipo zinaululika pomwe akuluakulu anaona setifiketi yake ya kubadwa. M'zaka za m'ma 1980, Justine Blainey anachita kupita kukhoti kuti aloledwe kusewera mu timu ya anyamata ku Ontario, ndipo khoti la apilo linamugamulira mokomera mu 1986.

Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa amayi, wovomerezeka ndi bungwe la IIHF loyendetsa masewerowa, unachitika mu 1990 ku Ottawa. Akuluakulu a hockey ku Canada anaveka timu yawo yunifolomu ya pinki m'malo mwa yofiira ndi yoyera, ati pofuna kukopa anthu. Canada inatenga chikho itagonjetsa United States 5-2. Pambuyo pa mpikisano umenewu, kugunda mnzako ndi thupi mwadala, komwe amuna amaloledwa, kunaletsedwa m'masewero a amayi. Nthawi imeneyo n'kuti Hayley ali ndi zaka 11.

Mtsikana wa ku Shaunavon

Hayley anabadwa pa 12 August 1978 ku Shaunavon, katauni ka anthu osakwana 2,000 m'chigawo cha Saskatchewan. Kumeneku ndi dera la alimi, lathyathyathya, ndipo m'nyengo yozizira kuzizira kumafika madigiri 30 pansi pa ziro. Makolo ake, a Tom ndi a Marilyn, anali aphunzitsi. Kuzizira kukayamba, bambo ake ankathira madzi kuseri kwa nyumba, madziwo n'kuundana, bwalo n'kukhala lomwelo. Ali ndi zaka 5 anayamba kusewera mu timu, ndipo poti ya atsikana kunalibe, inali ya anyamata.

Luso analinalo, koma chilichonse chozungulira masewerowo chinakonzedwera anyamata. Chipinda chosinthira zovala chinali chimodzi, ndiye iye ankavalira m'chimbudzi, m'galimoto kapena m'kachipinda kena kalikonse kamene kapezeka. Anameta tsitsi kuti akafika pabwalo lachilendo anthu asamuzindikire msanga, chifukwa makolo ena a matimu otsutsana nawo ankamunyoza akadziwa kuti amene akugoletsa ana awo ndi mtsikana. Iye mwini anafotokozapo kuti nthawi ina atapita ku maphunziro a hockey mumzinda wa Regina, komwe onse anali anyamata, anagona sabata yathunthu m'kachipinda kosungira katundu kuti angopeza nawo mwayi wophunzira.

Banja lawo litasamukira ku Calgary, mzinda waukulu wa m'chigawo cha Alberta, mwayi unayamba kutseguka. Mu 1991 anasankhidwa mu timu ya atsikana ya Alberta pa mpikisano wa Canada Winter Games. Anzake ambiri anali akuluakulu kwa iye, ena a zaka 17. Iye anali ndi zaka 12, koma ndi amene anagoletsa chigoli chimene chinapatsa Alberta golide. Akulu anati m'mera mpoyamba. Patangotha zaka zitatu, mu 1994, anaitanidwa ku timu ya dziko ali ndi zaka 15, n'kukapambana nawo mpikisano wa dziko lonse ku Lake Placid. Ena mwa anzake mu timuyo anali ndi zaka zoposa 30, anthu oti masana ali pantchito, masewero amachita akaweruka.

Nagano 1998: siliva wowawa

Hockey ya amayi inalowa pa Olympics koyamba mu 1998 ku Nagano, m'dziko la Japan, ndipo matimu anali 6. Canada inapita ikudzidalira chifukwa inali itapambana mipikisano yonse inayi ya dziko lonse imene inachitika kufikira nthawiyo: 1990, 1992, 1994 ndi 1997. Koma mu fainolo United States inawakwapula 3-1. Hayley anali ndi zaka 19. Kwa dziko lina siliva ndi phwando, koma kwa Canada pa hockey zinali ngati maliro.

Ngakhale zinali choncho, kaseweredwe kake kanakopa a Bobby Clarke, amene anali bwana wa timu ya amuna ya Canada ku Nagano komanso wa Philadelphia Flyers mu ligi ya NHL, ligi yaikulu ya amuna ku North America. Anamuitana kuti akakonzekere limodzi ndi anyamata achisodzera a Flyers mu 1998 komanso mu 1999. Sikunali kumulemba ntchito ayi, koma anaona ndi maso ake momwe munthu amene hockey ndi ntchito yake amakonzekerera tsiku ndi tsiku. Ndipo ngati kuti zimenezi sizinakwane, mu 2000 anapita ku Olympics ya ku Sydney ngati wosewera wa softball wa Canada. Ndi anthu ochepa amene anafikapo pa Olympics ya nyengo yozizira ndi ya nyengo yotentha yomwe.

Salt Lake City 2002

Pokonzekera Olympics ya 2002, Canada ndi United States anakumana maulendo 8, ndipo Canada inagonja maulendo onse 8. Tsono fainolo inali kwawo kwa adaniwo, ku Salt Lake City, pa 21 February. Pa tsikulo woyimbira anapereka zilango zambiri kwa osewera a Canada, pena maulendo 8 motsatizana, moti nthawi yaitali ankasewera ali operewera. Sanagwe ulesi. Caroline Ouellette anagoletsa choyamba, Hayley chachiwiri, ndipo Jayna Hefford anamwetsa chachitatu kutatsala sekondi imodzi kuti chigawo chachiwiri chithe. Masewero anathera 3-2.

Hayley anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisanowo, ali ndi zigoli 7. Panthawiyi n'kuti Canada itatha zaka 50 osaona golide wa hockey pa Olympics, kuchokera mu 1952. Amayiwa ndi amene anathetsa chilala chimenecho, ndipo amuna anatsatira patatha masiku atatu.

Ulendo wa ku Finland

Apa ndi pomwe pali phata la nkhani yathu. Tayerekezani: muli ndi zaka 24, dziko lonse lavomereza kuti palibe mayi wokuposani pa masewerowa, mendulo yagolide ili m'nyumba. Olympics yatha. Mawa mukasewera kuti?

Mnyamata wa luso lotere akanakhala kale mu NHL, akulandira mamiliyoni a madola. Kwa amayi kunali makalabu osalipira, monga Calgary Oval X-Treme komwe Hayley ankasewera. Osewera ambiri ankagwira ntchito zina, kukonzekera kumachitika usiku mabwalo akapezeka, ndipo ena ankadzigulira okha zida. A timu ya dziko ankalandirako kangachepe kuchokera ku boma, ndipo ankasonkhanitsidwa ku Calgary kwa miyezi ingapo Olympics ikayandikira. Hayley, chifukwa cha kutchuka, anali ndi makampani omuthandiza, ndiye analiko bwino kuposa anzake. Koma chimene ankasowa ndi mpikisano wolimba sabata ndi sabata, woti umukulitse luso.

Anaganiza zokasewera ndi amuna ku Ulaya. Poyamba anayesa timu ya ku Merano m'dziko la Italy, koma bungwe la kumeneko linakana kuti mayi asewere mu ligi ya amuna. Finland inavomera. Mu January 2003 analowa timu ya Salamat ya ku Kirkkonummi, pafupi ndi Helsinki, mu ligi yachitatu kuchokera pamwamba. Pa masewero ake oyamba anapatsira mnzake amene anagoletsa, ndipo patatha pafupifupi milungu itatu anagoletsa yekha. Anakhala mayi woyamba kugoletsa mu ligi ya amuna yolipira. Amayi ena anali ataseweramo kale m'matimu a amuna, monga Manon Rhéaume amene anaima pagolo la Tampa Bay Lightning pa masewero okonzekera mu 1992, koma ambiri mwa amenewa anali magoloboyi. Hayley anali wapakati, pamene pali kugundana kwenikweni, ndipo kumbukirani kuti kwa amuna kugunda ndi thupi n'kololedwa.

Tisanamizane, kumeneku sanali nyenyezi ngati momwe analili kwa amayi. Pa masewero 23 a chaka choyamba anagoletsa zigoli ziwiri, ngakhale anapatsira zingapo. Salamat inakwera kupita ku ligi yachiwiri ya Mestis, komwe amuna ake anali amphamvu komanso aliwiro kwambiri. Kumeneko mphunzitsi ankamupatsa mphindi zochepa, ndipo atasewera masewero 10 osapeza pointi anabwerera kwawo kumapeto kwa 2003. Anadzayesanso mu 2008 ku Sweden ndi timu ya Eskilstuna Linden, mu ligi yachitatu.

Ena anati ulendowu unali wongofuna kutchuka. Ena anati ukupereka chithunzi choti mayi ayenera kudziyesa ndi amuna kuti alemekezedwe. Ine ndimaona kuti ulendowu ukutiuza zambiri za dongosolo la nthawiyo kuposa za Hayley. Wosewera wopambana onse pa Olympics anachita kuwoloka nyanja, kusiya kwawo, kukapirira mdima wa nyengo yozizira ya ku Finland mu timu ya ligi yachitatu, kuti angopeza chinthu chimene mnyamata wa luso lapakatikati ankachipeza kwawo: kudzuka m'mawa n'kupita ku hockey ngati kuntchito.

Turin, Vancouver, Sochi

Zimene anaphunzira ku Finland zinaoneka. Ku Turin mu 2006 anapeza mapointi 17 pa masewero 5 okha, n'kusankhidwanso kukhala wopambana onse. Canada inagonjetsa Sweden 4-1 mu fainolo, Sweden yo itadabwitsa anthu potulutsa United States mu semifainolo.

Mu 2010 Olympics inali kwawo, ku Vancouver. Hayley anali kaputeni, ndipo ndi amene analumbira m'malo mwa osewera onse pa mwambo wotsegulira. Canada inagonjetsa United States 2-0 mu fainolo, zigoli zonse ziwiri kuchokera kwa mtsikana wa zaka 18, Marie-Philip Poulin. Koma mpikisanowu unaonetsanso vuto lina. Canada inathambitsa Slovakia 18-0, monga inachitira Italy 16-0 ku Turin. A Jacques Rogge, amene anali mtsogoleri wa komiti ya Olympics, anachenjeza kuti hockey ya amayi singapitirire pa Olympics ngati mayiko ena sakwera. Osewera anamva kuwawa, chifukwa kusiyanaku kunali ndi chifukwa chake: mayiko ambiri sankaikako ndalama ku matimu awo a amayi. Chaka chomwecho Hayley anayambitsa chikondwerero cha hockey ya atsikana chotchedwa WickFest, komwe matimu ochokera kosiyanasiyana amasewera ndi kuphunzira. Mu 2018 anapita ku Ladakh, kumapiri a kumpoto kwa India, kukaphunzitsa ndi kupereka zida, ndipo kumapeto kwa chakacho timu ya amayi ya India inafika ku WickFest.

Sochi 2014 inali Olympics yake yomaliza. Anali ndi zaka 35. Ukaputeni unali utaperekedwa kwa Caroline Ouellette, koma dziko linamupatsa ulemu wonyamula mbendera pa mwambo wotsegulira. Chimene anthu ambiri sankadziwa n'choti ankasewera ndi fupa lothyoka m'phazi.

Fainolo ya pa 20 February anthu amaikambabe mpaka lero. United States inkatsogola 2-0 kutatsala mphindi zosakwana 4. Brianne Jenner anabweza chimodzi. Canada inachotsa goloboyi kuti iwonjezere wosewera wina kutsogolo, zomwe zimachitika pa hockey zinthu zikathina. Wosewera wa United States anamenya puck kuchokera kutali kulunjika pagolo lopanda munthu. Kanatsetsereka bwalo lonse, n'kukagunda pa mtengo wa golo, osalowa. Kutatsala masekondi 55, Poulin anafananitsa. Mu nthawi yowonjezera Hayley anathawa yekha kulunjika pagolo, Hilary Knight anamugwetsa kuchokera kumbuyo, woyimbira n'kupereka chilango. United States ili yoperewera chonchi, Poulin anagoletsanso, 3-2. Hayley, Hefford ndi Ouellette anakhala ndi golide wachinayi motsatizana.

Manambala ake, ndi malipiro ake

Atachitidwa opaleshoni ya phazi lija mu 2015, momwe anamuika chitsulo ndi masikuluwu, anabwereranso pa ayisi ndi timu ya Calgary Inferno mu ligi ya CWHL, ndipo mu 2016 anatenga nawo chikho cha Clarkson Cup. Analengeza kupuma mu January 2017 ali ndi zaka 38. Pa masewero 276 a timu ya Canada anagoletsa zigoli 168 ndi kupatsira 211, kuphatikiza mapointi 379. Pa Olympics anali ndi zigoli 18 ndi mapointi 51, kuposa mayi wina aliyense panthawiyo. Pa mpikisano wa dziko lonse anatenga golide maulendo 7 ndi siliva maulendo 6.

Tsono onani mbali inayi. Ligi ya CWHL inayamba mu 2007, koma pa nthawi yonse imene Hayley ankaseweramo, osewera sankalandira malipiro. Inayamba kulipira miyezi ingapo iye atapuma, ndipo ndalama zake zinali pakati pa madola a ku Canada 2,000 ndi 10,000 pa chaka chonse cha masewero. Chaka chomwecho, wosewera wolandira zochepetsetsa mu NHL ankapeza madola a ku America 650,000. Mu 2019 CWHL inatsekedwa chifukwa chosowa ndalama.

Hayley ankadziwa kuti hockey yokha singamusunge, komanso kuyambira ali mwana ankafuna udokotala. Ankaphunzira uku akusewera, ndipo anatenga digiri yake yoyamba ku University of Calgary mu 2013. Atapuma analowa sukulu ya udokotala pa yunivesite yomweyo mu 2018, n'kumaliza mu 2021. Mu 2018 momwemo timu ya Toronto Maple Leafs ya NHL inamulemba ntchito yothandiza kukulitsa luso la osewera achisodzera, ndipo mu 2022 inamukweza kukhala mmodzi mwa othandizira bwana wamkulu wa timuyo. Mu 2019 analowetsedwa mu Hockey Hall of Fame, nyumba yaulemu ya akatswiri a masewerowa ku Toronto, ndipo anali mayi wachisanu ndi chiwiri kulowamo.

Analinso wosaopa kulankhula. Mu 2014 osewera anzake anamusankha kuti akawaimire mu komiti ya Olympics. Mu March 2020, mliri wa Covid-19 utayamba kufalikira, akuluakulu a komitiyo ankaumirira kuti Olympics ya ku Tokyo ichitikabe pa nthawi yake. Hayley, amene n'kuti akuphunzira m'zipatala n'kumaona odwala ndi maso ake, analemba poyera kuti kuumirira kumeneku ndi kusaganizira anthu. Pasanathe sabata Canada inalengeza kuti situmiza osewera, ndipo pa 24 March masewerowo anasunthidwira ku 2021.

Ligi inabwera bwanji?

Munthu mmodzi, kaya ndi waluso chotani, sangapange ligi. Mutu umodzi susenza denga. Chimene Hayley ndi anzake anachita ndi kukopa atsikana kuti ayambe masewerowa: cha m'ma 1990 atsikana ndi amayi olembetsa hockey ku Canada anali pafupifupi 8,000, koma pofika 2010 anali atapitirira 80,000. Enawo anamaliza ndi a m'badwo wotsatira, ndipo anachita kulimbana.

Mu March 2017 timu ya amayi ya United States inaopseza kuti sisewera mpikisano wa dziko lonse, womwe unali kwawo komwe, ngati bungwe lawo silikweza malipiro ndi chisamaliro. Bungwelo linayesa kuitana osewera ena kuti alowe m'malo, koma ambiri anakana, ndipo linagonja. CWHL itatsekedwa mu 2019, osewera oposa 200, a ku Canada ndi a ku United States omwe, adani a pa ayisi aja, anagwirizana kuti sasewera mu ligi ina iliyonse ya ku North America kufikira patakhala ligi imodzi yolimba, yolipira bwino komanso yosamalira wovulala. Anapanga bungwe lawo la PWHPA, ndipo amene anadzaliyendetsa ndi Jayna Hefford yemwe uja wa chigoli cha 2002. Kwa zaka zinayi ankangoyendayenda m'mizinda kusewera masewero achionetsero. Ena anataya zaka zawo zabwino kwambiri podikira.

Mu 2023 mpondamatiki Mark Walter, mothandizana ndi katswiri wakale wa tenisi Billie Jean King, anaika ndalama, ndipo ligi ya PWHL inabadwa ndi matimu 6: Toronto, Montreal, Ottawa, Boston, New York ndi Minnesota. Osewera anayamba asainirana mgwirizano wa malipiro ligi isanayambe: osachepera madola a ku America 35,000 pachaka, ndipo pakatikati 55,000. Masewero oyamba anachitika pa 1 January 2024 ku Toronto, New York n'kupambana 4-0. Pa 20 April chaka chomwecho anthu 21,105 anadzaza bwalo la Bell Centre ku Montreal kudzaonera Montreal ndi Toronto. Kaputeni wa Montreal anali Marie-Philip Poulin, kamtsikana kaja ka zaka 18 ka ku Vancouver. Minnesota ndi imene inatenga chikho choyamba, ndipo mu 2025 ligiyo inawonjezera matimu a Vancouver ndi Seattle. Ndalamazi zikadali kutali ndi za NHL, koma munthu angathe kulipira lendi, kudya, n'kudzuka m'mawa kupita ku hockey ngati kuntchito. Hayley sanalandireko ngakhale dola imodzi ya ligi imeneyi. Pomwe imayamba n'kuti ali ndi zaka 45, akuona odwala.

Nanga ife?

Kuno ayisi tilibe, koma nkhani yoti mtsikana waluso ayambire mu timu ya anyamata, kenako achoke kwawo kuti masewero ayambe kumudyetsa, si yachilendo. Tabitha Chawinga anachita kupita ku Sweden mu 2014, ndipo mng'ono wake Temwa anatsatira. Ndiye anzanga, pomwe tikukonza ndondomeko ya masewero a kalabu, tiyang'ane tinthu timene tinavutitsa Hayley ali wamng'ono, poti ambiri mwa ito safuna ndalama zambiri. Kodi atsikana ali ndi malo osinthira zovala? Bwalo amalipeza nthawi yanji, masana kapena dzuwa litapendeka anyamata atatopa? Mipira yatsopano ikabwera imayambira kwa ndani? Tikamakuwa kunja kwa bwalo, timawakuwira zotani? Mafunso amenewa tibwere nawo ku msonkhano wotsatira, ndipo atsikana a m'kalabu ayambe ndiwo kuyankha. Amene muli ndi data, sakani mphindi zomaliza za fainolo ya ku Sochi muone kapuck kaja kakugunda pa mtengo, kenako mutiuze maganizo anu m'munsimu.